Kope la Chikuto Chofiira

Bambo anandisiyira kope la chikuto chofiira,
lothimbirira dizilo pangodya,
masamba ake atafufuma ndi chinyezi cha chiperoni.
Dzina langa mulibemo.
Muli Nachisale, wobadwa chizimalupsa chitangodutsa,
makilo makumi awiri ndi anayi, anayamwa yekha.
Muli ana ake, ndi ana a ana akewo.
Muli omwe anafa, ndi chimene chinawapha.

Kuno ku Chisitu nthaka yabwino inapita ndi tiyi.
Ife tinatola nyenyeswa:
maekala asanu ndi awiri, khwawa la nsenjere,
ndi khola limene denga lake limaimba kukachita mphepo.

Tsamba lachitatu ndi la nkhunzi yakuda yopanda linunda,
yochokera kumaiko ozizira,
imene Bambo anagulitsira njinga yamoto.
Anthu ankabwera Lamulungu kudzangoiona.
Okutobala atafika inaima pansi pa mango, lilime panja,
nkhupakupa zitadzaza m'makutu ngati mapira.
Chigodola sichinachedwe nayo.
Bambo analemba mzere umodzi wokha:
Yokongola, koma si ya kuno.

Ndiye ine sindisankha ndi maso a mlendo.
Loweruka m'mawa, tisanapope mankhwala,
ndimapisa dzanja kunsi kwa mchira n'kuwerenga nkhupakupa.
Ndimafuna ubweya waufupi, woterera,
khungu lotakasuka lodziwa kuthamangitsa ntchentche,
thadzi loswa chaka ndi chaka
ngakhale msipu utasanduka fumbi.

Umo ndi m'mene ndinapezera Khungubwe,
wotuwa thupi, wakuda m'mapewa,
makutu olendewera ngati akumvetsera za pansi.
Dzuwa likaswa mtengo, ena atathawira mumthunzi,
iye amadyabe.
Zaka zitatu, mathole makumi awiri ndi limodzi,
wodwala palibe.

Koma ana ake aakazi akula.
Dzulo ndinamuona atakweza mphuno kumphepo,
akutsata mwana wa Nachisale m'mbali mwa waya.
Iye sadziwa kuti ndi wake.
Kope ndi limene likudziwa.

A Namakhwa abwera lero kuchokera ku Nchalo
pa lole yonunkha nanazi.
Amutsegula pakamwa, amuyendetsa pamiyala kuona ziboda,
atulutsa tepi n'kuyeza
chimene amuna anzawo sangalole kuyezedwa.
Mulekano, amene anamulera ndi botolo mayi ake atatupa bere,
wati chikwakwa chabuntha, akukanola,
ndipo sanabwerere.

Chingwe ndagwira ndekha.
Sanalimbe.
Watsata chidebe cha madeya ndi mchere
monga amachitira madzulo onse,
kukwera thabwa, kulowa,
linunda likugwedera kumanzere.
Foni yalira m'thumba, ndalama zalowa.
Fizi ya Tiyese, waya watsopano, katemera.
Ndawerenga kawiri, zakwana,
koma pakhosi pali kanthu kosatsika.

Kuchigwa kumatentha kuposa kuno,
a Namakhwa atero akutseka chitseko.
Ndati apirira, ndi ntchito imene tinamubadwitsira.
Lole yakhotera kumsewu wa tala,
fungo lake latsala pamtengo umene ankadzikandapo.

Usiku, cha m'ma thuu, Mulekano wagogoda pazenera.
Sananene za chikwakwa.
Wangoti, Mayi, tengani tochi, Mphonda wayamba.
Tagwada m'matope tonse awiri,
ziboda zatsogola, kenaka mphuno,
kenaka thupi lonse, lonyowa, lofuka nthunzi.
Kamphongo.
Kotuwa, kakuda m'mapewa.
Tisanatsuke m'manja kanali kataima kale,
kakugunda bere ndi mutu ngati kali ndi ngongole yoti katolere.

Tapachika sikelo pamtanda wa khola.
Makilo makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Ndatsegula kope pabondo, tochi ndaluma m'kamwa.
Pamalo a mayi ndalemba Mphonda.
Pamalo a bambo cholembera chakana,
ndachipukuta pachitenje, ndachiuzira mpweya,
ndalembanso mokanikiza
mpaka dzinalo laonekera kuseri kwa tsamba.